Buku Lanu Linali M'chikwama Changa

Amayi, kodi kumene mulikoko kukucha bwanji?

Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Papita mvula ziwiri chichokereni inu, ndipo aka n'koyamba kuti ndikhale pansi n'kukulemberani. Sikuti ndinalibe nkhani. Zinalipo zambiri, koma panali imodzi imene inakhala pakhosi, zinazo n'kumalephera kudutsa. Imeneyo ndinainena kale kwa Ababa, kwatsala kwa inu. Koma ndiyambe ndi za pakhomo, chifukwa ndikudziwa kuti mukanakhala pano mukanandidula mawu n'kufunsa za kumunda.

Chaka chatha chimanga sichinachite bwino. Mvula inadula chikumasula ngayaye, ndipo kumunda wa kumtunda uja tinangotolako timadengu towerengeka. Chaka chino Mulungu watikumbukira. Nkhokwe yadzaza mpaka Ababa amanga ina yaing'ono kuseri kwa nyumba, nandolo nayenso wabereka moti mbuzi za m'mudzi muno zonse zadziwa njira ya kwathu. Mtengo wa mapeyala umene munkaunena kuti ndi waulesi uja unabereka asanu okha. Ababa ankawayendera m'mawa uliwonse mpaka mphepo inagwetsa atatu.

Achimwene Yusufu ndi alamu anga a Mariamu ali ndi mwana wamkazi. Anabadwa m'nyengo yozizira, ndipo makutu ake ndi anu enieni. Anamutcha Asiyatu, dzina lanu lija limene anthu ambiri pa Namwera sankalidziwa chifukwa aliyense ankangoti Abiti Jafali. Ababa dzinali silituluka pakamwa pawo. Akamunyamula amati Abiti Yusufu, basi. A Mariamu akamuitana mwanayo ndi dzina lake, Ababa amayamba acheukira kukhomo, kenako n'kumakonza kofia yawo ngati yapendekeka.

Makina anu osokera akadali pakhonde, ndipo a Mariamu ndi amene akupalasa tsopano. Mayunifomu akuwatha, kupatula makolala amene amatuluka mbali ina yaitali. Lamba anaduka, Achimwene n'kumulumikiza ndi waya. Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wa kutsidya kwa malire atanyamula nsalu ya ukwati wa mwana wake, akufuna Abiti Jafali. Anali asanamve. Titamuuza anakhala pamkeka, kenako anapinda nsalu yake n'kunena kuti akaganize kaye. Sanabwerenso.

Tsopano za sukulu. Ndamaliza, Amayi. Digiri yachiwiri ija yatheka. Mukukumbukira mmene munkandifunsira kuti kodi kwenikweni ndimachita chiyani pa kompyuta tsiku lonse, ine n'kumakuyankhani mwachidule ngati munthu amene basi ikumusiya? Lero ndikuyankheni bwinobwino.

Pali mapulogalamu amene munthu amatsegula pa foni kapena pa kompyuta kudzera pa intaneti, n'kulembamo zinthu, mnzake ali kutali n'kuziona. Ntchito yanga ndi kupanga mapulogalamu otere. Kapangidwe kake kali pawiri. Ukhoza kulemba chilichonse wekha, mzere ndi mzere, kuyambira polowera mpaka posungira zinthu. Kapena ukhoza kutenga chimene timachitcha fulemuweki, zida zimene anthu ena anakonza kale n'kuzisiya poti aliyense atenge. Polowera palipo kale, loko alipo kale, mafomu alipo kale, iwe n'kungowonjezera zako. Zikufanana ndi mapatani anu a pepala la simenti aja amene ankalendewera pamsomali. Simunkayamba mwatsopano kuganiza mmene mkono wa malaya umakhalira. Munkayala patani pansalu n'kudula. Kafukufuku wanga anali wopanga pulogalamu imodzi kawiri, koyamba ndi manja okha, kachiwiri ndi fulemuweki, n'kuona kuti imatha msanga ndi iti, yolimba ndi iti, ndipo imene ingathandize pachipatala chaching'ono cha kumudzi ndi iti.

Chipatala ndinachisankha chifukwa cha inu. Ndinakula ndikuona mmene munkasamalira buku lanu la kuchipatala, mutalikulunga m'pepala la shuga, m'kadilowa ka makina. Loyamba lija linanyowa chaka chimene denga linasasuka, inki yonse n'kusungunuka, ndipo mutapita kukatenga mankhwala a BP anakuyambani mafunso ngati munthu amene sanamuonepo. Ndinkafuna kuti mbiri ya wodwala izikhalanso pena pamene mvula singafike, kuti namwino wa ku Katuli ndi dokotala wa ku boma aziona chimodzimodzi.

Apa ndiye pali nkhani ija.

Ndinabwera kudzadya nanu Idi, ndipo tsiku lobwerera ku Blantyre ndinakupemphani buku lanu kuti ndijambule masamba ake, ndikaone zimene anamwino amalemba, fomu yanga ikafanane nazo. Magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake, foni yanga inali itathima. Inu munali pamakina, mapini ali pakamwa. Munawalavulira m'dzanja n'kunena kuti, "Tenga, ukajambule bwino kumeneko. Mankhwala ndili nawo ofika mwezi wamawa. Mwezi uno ukatha ubwere nalo." Ndinati ndibwera nalo. Patsamba loyamba panali mawu a inki yofiira, olembedwa kalekale, oti musamapatsidwe mankhwala aja amene anakusupulani khungu ndi m'kamwa ine ndili ku pulayimale. Ndinawawerenga mawuwo ndili m'minibasi, n'kuika bukulo m'thumba la m'kati la chikwama cha laputopu.

Mwezi unatha, sindinabwere. Pulogalamu inkakana kusunga zimene ndalemba, tsiku lokaionetsa kwa aphunzitsi linali litayandikira, ndiye ndinati ndipita sabata yamawa. Sabata yamawayo ndinateronso. Tinkalankhula pa foni, inu osatchula za buku, ine n'kumayamika mumtima kuti simunatchule. Munkandifunsa ngati ndikudya.

Linali Lachitatu m'mawa, ndili m'chipinda cha makompyuta, pamene Achimwene anaimba. Anati mwagwa pamakina, pakamwa papotoka, ndipo pachipatala cha kwathu akutumizani ku boma. Ndinangotseka laputopu n'kuthamangira kudepoti. Minibasi inachedwa kudzaza. Titadutsa pa Liwonde anaimbanso, ndipo ndisanayankhe ndinadziwa. Pofika ku Namwera dzuwa linali litapendeka, amayi a m'mudzi atakusambitsani kale, atakuvekani sanda. Ndinangoona jeneza likutuluka pachipata pamapewa pa amuna. Nkhope yanu sindinaione. Ndinaima pakati pa amayi olira, chikwama chili kumsana, buku lanu lili m'katimo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhulupirira chinthu chimodzi: kuti munafika ku boma opanda buku, osatha kulankhula, ndipo anakupatsani mankhwala oletsedwa aja. Sindinafunse munthu. Ndinkaopa yankho. Pa sadaka ya masiku makumi anayi ndinaphika nawo, ndinatsuka nawo mbale, a shehe anachita duwa, ine n'kumati amina pamodzi ndi onse, koma maso a Ababa ndinkawazemba. Ndinabwerera ku Blantyre ndi bukulo. Ku Namwera ndinayamba kubwera mwa apo ndi apo, ndikabwera osagona kawiri. Achimwene ankati sukulu yandilowa m'mutu. Ndinkawalola aziganiza choncho.

Ndinaganizapo zosiya sukuluyo. Chimene chinandiletsa sichinali kulimba mtima. Ndinkaona ngati ndikasiya ndiye kuti buku lanu linapita ku Blantyre pachabe.

Pulogalamu ya manja okha inanditengera miyezi. Ya fulemuweki inatha m'masabata ochepa, ndipo inatuluka yooneka bwino ngati ya kubanki. Itatha, ndinafuna munthu woyamba kumulemba poyeserera. Ndinatsegula buku lanu. Fomu inafuna dzina loyamba ndi dzina la bambo. Ndinalemba kuti Abiti Jafali, popeza ndi mmene anakulemberani pachikuto, koma inatenga Abiti, mawu ongotanthauza mwana wamkazi wa uje, ngati dzina lanu lobadwa nalo. Kenako inafuna tsiku lobadwa, mwezi ndi chaka. M'bukumo munangolembedwa chaka, nacho chongoyerekeza, chifukwa inu munkangodziwa kuti munabadwa m'nyengo yokolola mapira. Ndinasiya malowo opanda kanthu. Fomu inafiira n'kukana kupitirira. Ndinayesanso katatu, ngati kuti isintha maganizo.

Ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana zilembo zofiirazo, ndipo ndinakumbukira tsiku limene munkasoka diresi la mayi wina wa phewa lotsika. Ine ndinati patani sikugwirizana ndi mayiyo, inu munati, "Patani ilibe phewa. Phewa lili ndi mwini diresi." Munatenga choko n'kusuntha mzere. Amene anakonza fulemuweki ija ndi anthu anzeru, koma ankaganizira anthu a kwawo, amene aliyense ali ndi pepala la tsiku lobadwa. Ndinayamba kusintha fomu. Ndinaika malo a dzina limene munthu amadziwika nalo m'mudzi, malo a mfumu yake, ndi poti chaka n'chongoyerekeza. Zimenezi zinadzakhala mutu wathunthu m'kafukufuku wanga.

Nditapatsidwa chilolezo, ndinapita kukayesa mapulogalamu awiriwa pachipatala china chaching'ono kupitirira Katuli. Msewu mukuudziwa. Ndinakwera njinga yamoto, laputopu nditaikulunga m'chitenje chifukwa cha fumbi. Kumeneko ndinapeza namwino wamkulu, a Nyirenda, mayi wochokera ku Rumphi amene wakhala kuderali zaka zambiri moti Chiyao amachilankhula kuposa ine. Anandipatsa kampando pambali pa tebulo lawo n'kunena kuti, "Yesani, achemwali, koma mzere usaime."

Mzere unaima. Pulogalamu ya fulemuweki, imene ku Blantyre inkatseguka ngati kuphethira, kumeneko inkangozungulira. Netiweki imabwera n'kupita ngati mphepo, nthawi zina foni n'kugwira ya ku Mozambiki. Patsogolo pathu panali mayi wina woyembekezera, miyendo itatupa, atagwira buku lake m'manja. Tinadikira. Ine n'kumakweza foni kuwindo. A Nyirenda anandiyang'ana, n'kuyang'ana mayiyo, kenako anati, "Achemwali, chinthu chanuchi n'chabwino. Koma mayiyu wanyamuka kwawo kusanache. Ndilembe m'buku." Anatenga cholembera, ndipo mphindi ziwiri zisanathe mayiyo anali atathandizidwa.

Ya manja okha ija inkatseguka msanga chifukwa inali yopepuka. Ndinayamba kusangalala nayo, mpaka mnzanga wina wa m'kalasi ataiyesa n'kundionetsa kuti munthu akangosintha nambala imodzi pamwamba, akhoza kuwerenga mbiri ya wodwala wina aliyense. Mwamwayi munali mayina ongopeka. Loko amene fulemuweki imabwera naye kale, ine ndinali nditamupanga wokhota osadziwa. Ndiye ndinali ndi mapulogalamu awiri: ina yotseka bwino koma yolemera moti singayende kumudzi, ina yoyenda koma yosasunga chinsinsi cha munthu.

Ndikuuzeni zoona, ndinafuna kubisa. Ndinalemba lipoti loyamba ndi zotsatira za ku Blantyre zokha, za ku Katuli n'kuzipatsa ndime imodzi kumapeto. Aphunzitsi ondiyang'anira, a Dokotala Kamwendo, munthu wosachedwa kuona pamene wapsinja chinthu, anawerenga n'kuvula magalasi.

"Munakhala kumeneko masabata atatu," anatero. "Mwabwerako ndi ndime imodzi?"

Ndinati kumeneko sizinayende.

"Ndiye lembani mmene sizinayendere. Zoti fulemuweki imafulumizitsa ntchito aliyense akudziwa. Chimene sitikudziwa ndi chimene mwachionacho."

Ndinabwerera ku Katuli. Ndinachotsa m'pulogalamu ya fulemuweki zonse zokometsera, zithunzi ndi zina zolemetsa, n'kusiya loko ndi mafomu. Ndinaikonza kuti netiweki ikathawa izisunga zolembedwazo m'foni momwemo, n'kuzitumiza ikabwerera. Sinakhale yangwiro. Masiku ena inkatumiza munthu mmodzi kawiri. Koma mzere unasiya kuima, ndipo tsiku lina ndinaona a Nyirenda atatsegula okha osandiitana.

Linali tsiku lomwelo, nthawi ya nkhomaliro, tikudya chinangwa chophika pakhonde la chipatala, pamene anandifunsa. Anati, "Mayina oyeserera onse mwawafufuta, koma pamwamba patsala limodzi. Abiti Jafali ameneyu ndi ndani?"

Ndinawauza zonse, Amayi. Munthu woyamba kumuuza anali mlendo wa ku Rumphi. Sanandidule mawu, sanandigwire paphewa. Nditamaliza anapukuta m'manja n'kunena kuti, "Ndiye inu mwadziweruza nokha osaona fayilo? Ku boma amasunga mafayilo. Pitani mukafunse. Koma sakakuonetsani nokha, akafuna amene anasainira tsiku limenelo." Amene anasainira anali Ababa.

Ndinazengereza mwezi wina wathunthu. Kenako Loweruka lina ndinabwera ku Namwera. Ndinadikira Ababa abwere kumzikiti masana, akhale pampando wawo pansi pa mpeyala. Ndinagwada, ndinatulutsa buku m'chikwama n'kuliika pamwendo pawo. Mawu amene ndinakonza m'njira monse anathawa. Ndinangoti, "Linali ndi ine."

Analitembenuza, n'kusisita chikuto ndi chala chachikulu. Anati, "Ndikudziwa."

Ndinawayang'ana.

"Amayi ako anandiuza tsiku lomwe unanyamuka. Mwezi utatha ndinati ndikuimbire ubwere nalo, iwo anakana. Anati mwana ali pa ntchito, musamusokoneze. Ankauza aliyense wobwera kudzayesa malaya kuti ine sukulu sindinaione, koma buku langa lili ku yunivesite."

Ndinalira pamenepo monga sindinalire pamaliro. Ndili m'kati molira ndinawauza za inki yofiira, ndi zimene ndakhala ndikukhulupirira. Ababa anapisa m'thumba la mkanjo, natulutsa kachikwama kawo kachikopa kaja, n'kusolola kapepala kopindapinda, kothothoka m'mbali. Panali dzina la mankhwala aja, lolembedwa ndi dzanja la dokotala wina wakalekale.

"Amene ankawamwetsa phala ndi kasupuni khungu litasupuka ndi ndani?" anatero. "Ukuganiza kuti ndikanaiwala? Kapepalaka ndinakapereka tisanatsike n'komwe m'galimoto."

Lolemba lake tinatsikira ku boma limodzi. Tinadikira pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu, kenako dokotala wina wachinyamata anabwera ndi fayilo yanu. Pamwamba pa tsamba loyamba panali chenjezo lija, ndi mawu oti anena ndi amuna awo. Mankhwalawo sanakupatseni. Anatifotokozera kuti mtsempha unaphulika m'mutu chifukwa BP inakwera kwambiri, ndipo pamene munkafika panalibe chimene akanachita. Ndinamufunsa kuti, buku likanakhalapo? Anati pa tsiku limenelo silikanasintha kanthu.

Ndikanakonda kalatayi ikanathera pamenepa. Koma inu simunkakonda msoko wobisa pong'ambika, ndiye ndipitirize.

Pobwerera, minibasi inakwera phiri mpaka tinadutsa makhotolo onse. Kenako Ababa anati pali chimene iwonso akhala akusunga. Mankhwala anu a BP anatha masabata awiri musanagwe, ndipo simunapite kukatenga ena. Anakukumbutsani kawiri. Koyamba munati mukumaliza mayunifomu chifukwa sukulu zikutsegulidwa. Kachiwiri munati mupita buku likabwera, simukufuna kukakalipiridwa ndi ana ang'onoang'ono pamzere. Anati, "Sindikudziwa kuti chenicheni chinali chiti. Mwina zonse. Ine ndinayenera kuwakweza panjinga n'kupita nawo, koma ndinawasiya. Ndiye ngati pali mlandu, Hawa, tigawane. Usausenze wekha ngati kuti ndiwe wekha unali ndi amayi ako."

Ndiye ndi pamene tili, Amayi. Chimene ndinkachiopa zaka ziwiri sichinachitike. Chimene sindinachiganizire n'komwe mwina ndi chimene chinachitika. A shehe amati tsiku la munthu linalembedwa kale, ndipo ndimakhulupirira. Koma ndikudziwanso kuti ndinati ndibwera mwezi ukatha, ndipo sindinabwere. Ziwirizi ndimakhala nazo zonse. Inu nokha ndi amene mukanandiuza kuti munasiyiranji kupita, ndipo ndikukudziwani, mukanati ndi mayunifomu ngakhale zisali choncho.

Nditabwerera ku Blantyre ndinawonjezera chinthu chimodzi m'pulogalamu. Munthu wa mankhwala a mwezi ndi mwezi akadumphitsa tsiku lake, dzina lake limakwera pamwamba kuti namwino alione, atume wa zaumoyo wa m'mudzimo akamuyendere. Ndipo wobwera wopanda buku amapezeka ndi dzina lake la m'mudzi. A Dokotala Kamwendo anati zimenezi zapitirira funso la kafukufuku wanga. Ndinati ndikudziwa. Ananena kuti ndiziike kumapeto, pa zoyenera kufufuzidwa m'tsogolo.

Tsiku loteteza kafukufuku ndinavala diresi la buluu lija munandisokera pomaliza digiri yoyamba. Landithina pang'ono m'khwapa. Oyesa anali atatu. Mmodzi, bambo wa imvi wochokera ku yunivesite ina, anandipanikiza kwambiri. Anati chipatala chimodzi n'chochepa, sindinganene za dziko lonse. Ndinavomera. Anati nanga pomaliza ndikuti chiyani, fulemuweki ndi yabwino kapena ayi? Ndinati ndi yabwino, imateteza ku zolakwa zimene munthu mmodzi sangazione yekha, koma woigwiritsa ntchito ayambe wakakhala pabenchi la chipatala chimene akuchipangiracho, aone amene akubwera ndi mmene foni ikugwirira, asanalembe mzere ngakhale umodzi. Analemba kenakake papepala, sanamwetulire. Ananditulutsa panja, n'kundiitananso patapita kanthawi. Ndinakhoza, ndi zokonza zochepa. Nditatuluka ndinatenga foni kuti ndiimbe, ndipo chala chinapita chokha pa nambala yanu. Sindinaifufute. Ndinaimbira Ababa, iwo anati alihamudulila, kenako anafunsa ngati ndadya.

Musaganize kuti pulogalamuyo tsopano ili m'zipatala. Ayi. Kafukufuku atatha, chilolezo chinathanso, ndipo a Nyirenda abwerera ku mabuku awo. Kuti ipitirire pakufunika akuluakulu a zaumoyo avomereze, ndipo makalata ndalemba, ndikudikira. Mwina sidzapita patali. Buku la kafukufukulo lili pashelefu mu laibulale pamodzi ndi ena ambiri amene palibe amawatsegula. Patsamba loyamba ndinalembapo mayina anu onse awiri. A Nyirenda amandiimbira nthawi zina. Sabata yatha anati mayi wa miyendo yotupa uja anabereka mwana wamwamuna, onse ali bwino.

Ndapeza ntchito yophunzitsa makompyuta ku Mangochi boma, ndiyamba mwezi wamawa. Ku Blantyre kunali ina ya malipiro abwinopo, Achimwene mpaka anandinena kuti ndapenga. Koma kuchokera ku boma kufika pakhomo pano ndi ulendo wa m'mawa umodzi. Ndapeza kanyumba ka zipinda ziwiri pafupi ndi mtsinje. Kukutentha, udzudzu ndiye wosanena, ndipo mwini nyumba amaweta abakha amene amalowa mpaka m'khitchini. Mukanakaona mukanati ndisoke makatani msanga, anthu asamaone m'kati.

Pali chinanso chimene muyenera kudziwa. Tsiku lija tinapita ku boma, tisanatuluke, dokotala wachinyamata uja anapempha kuti awayeze Ababa. Anakana, amvekere ine sindidwala. Ndinawagwira mkono n'kuwakhazika pampando. BP yawo inapezeka yokwera, osati pang'ono. Tsopano nawonso ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Amadandaula kuti amawakodzetsa, ndipo a Mariamu anawapeza kawiri atabisa mbulu pansi pa mkeka wopempherera. Mukuwadziwa amuna anu. Dzulo ndinawauza kuti ndikulemberani kalata ndipo ndiwanenera. Anaseka pang'ono, koyamba kuwamva akuseka chibwerereni ine, kenako anati, "Uwauzenso kuti mpeyala wachita maluwa ambiri chaka chino." Ndiye ndakuuzani.

Mundikhululukire, Amayi. Sindinapeze mpata wonena mawu amenewa muli moyo, ndipo ndikudziwa kuti mukanandiyankha kuti ndisiye zopusa, ndikatenge madzi. Komabe ndanena. Mulungu akukulitsireni malo kumene muliko, akupatseni kuwala ndi mpumulo, manja anu aja apume.

Lachinayi likubwerali ndi tsiku la Ababa lokatenga mankhwala. Ndawauza kale kuti tinyamuka limodzi akangomwa tiyi, afune asafune. Mwezi wamawa ndidzateronso, ndi winawo, kwa nthawi yonse imene Mulungu atibwereke bamboyu. Limeneli ndiye lonjezo langa kwa inu, ndipo ili lokha sindilisunthira ku sabata yamawa.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Hawa